Kanjedza, Masamba a Mango ndi Zidutswa za Chitenje: Mmene Chintheche Amatchenera pa Zikondwerero

Ikafika sabata yachitatu ya Disembala, pa Chintheche pamakhala pali yakaliyakali. Maminibasi ochokera ku Mzuzu ndi ku Dwangwa amangotula anthu ndi zikwama zawo, atelala amachezera pa makina, ndipo pansi pa mitengo mango amakhala ali mbwee moti ngakhale ana amayamba kusankha. M'mashopu a pamsika mumalendewera zingwe zonyezimira zofiira ndi zagolide, mabaluni a m'mapaketi, ndi timitengo ta pulasitiki topakidwa zoyera kunsonga poyerekeza chipale chofewa chimene kuno sichinagwepo.

Munthu akapatuka pa msewu wa M5 n'kutsata tinjira ta m'minda ya chinangwa tolowera kunyanja, amakumana ndi zokongoletsa zamtundu wina. Pachipata cha tchalitchi amazika makwawule awiri a kanjedza, n'kuwakumanitsa pamwamba kuti wolowa adutse pansi pake. Pakhonde amadutsitsa chingwe cha khonje chosanjikidwa masamba a mango, apa ndi apo n'kutsomekapo maluwa ofiira. Pabwalo la sukulu kapena la ukwati pamawuluzika timbendera tosokedwa kuchokera ku zidutswa za chitenje zimene telala akanasesera kudzala.

Eni ake sazitenga zimenezi ngati luso. Kwa iwo ndi ntchito ya Loweruka masana, yogwira akucheza, ndipo ikafota amaitaya osaiganiziranso. Komatu wopanga zinthuzi ayenera kudziwa tsamba limene limapirira dzuwa, duwa limene limagwa tsiku lomwelo, mfundo imene siimasuka ndi mphepo, ndi njere imene mwana sayenera kuiyika m'kamwa. Nzeru imeneyi ilipo yambiri m'midzi ya kuno, ndipo ikufunika kuisamala isanaphimbidwe ndi katundu wa m'makatoni.

Chaka chatsopano, matchona ndi khomo losesedwa

Mu 1881 mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inachoka ku Cape Maclear kumene malungo anali atapha amishoni angapo, n'kudzakhazikika ku Bandawe, makilomita ochepa kummwera kwa Chintheche. Likulu lake linasamukanso mu 1894 kukwera ku Khondowe, koma Bandawe inatsala ili chitsime cha sukulu ndi chipembedzo pakati pa Atonga. Tchalitchi chakale cha njerwa chidakalipo, ndipo manda a amishoni oyambawo ali chapafupi, cha ku Makuzi.

Amishoni amenewa anali a ku Scotland, dziko limene nthawi imeneyo silinkailabadira kwenikweni Khirisimasi. Mpingo wa Presbyterian kumeneko unkati Baibulo silinalamule kusunga tsikuli. Mu 1640 nyumba ya malamulo ya dzikolo inathetsa tchuthi cha nyengoyi, ndipo 25 Disembala linadzakhala tsiku la tchuthi ku Scotland mu 1958, kutangotsala zaka 6 kuti Malawi alandire ufulu wodzilamulira. Chisangalalo chachikulu cha anthu a kumeneko chinali Hogmanay, usiku wolowera chaka chatsopano. Mtengo wa Khirisimasi ndi mwambo wa ku Germany, ndipo ku England unafala kwambiri kuyambira mu 1848, nyuzipepala ya Illustrated London News itasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo wokoleka zidole ndi makandulo. Choncho woganiza kuti kamtengo ka pulasitiki ndi mbali ya chikhulupiriro chimene chinafika ku Bandawe akukapatsa ulemu umene sikanagwirire ntchito.

M'midzi ya Atonga chaka chatsopano chili ndi gule wakewake, chilimika. Amavina makamaka atsikana ndi amayi achitsikana, atavala zofanana, timipango tili m'manja, mudzi wina ukukacheza kwa unzake. Bwalo limene alendo oterewa akudzavinapo silingasiyidwe mmene linalili dzulo. Amalisesa, amakonza pokhala mafumu ndi akuluakulu, ndipo amakolekapo kanthu kosonyeza kuti eni mudzi anali kuyembekezera.

Kuyembekezera ndiye mtima wa Disembala kuno. Boma la Nkhata Bay lakhala likutumiza ana ake kunja kwa zaka zoposa 100. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anakafika ku Cape Town kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU, limene linagwedeza dziko la South Africa. Ambiri anapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi TEBA, ena ku Harare ndi ku Bulawayo, ndipo amene sanabwerere anatchedwa matchona. Lero ulendo ndi wa pabasi, wopita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'mashopu, koma mwezi wobwerera sunasinthe. Mayi amene mwana wake akufika patatha zaka zitatu amazira khonde, amachapa makatani, amatumiza adzukulu kukathyola maluwa. Atonga amadziwika dziko lonse ndi ukhondo ndi kutchena, ndipo khalidwe limeneli silithera pa malaya ositidwa. Limafika ndi pachitseko pomwe.

Poyambira ndi pa chingwe

Chokongoletsa chilichonse cholendewera chimadalira chingwe, ndipo dera la asodzi silingasowe chingwe. Ulusi wa ukonde wakutha ndi wolimba, suwola ndi mvula, ndipo manja amene amasoka ukonde wa chilimira amadziwa mfundo zosapulumuka. Amene safuna pulasitiki amapala masamba a khonje n'kupota ulusi wake pantchafu, monga ankachitira agogo popota chingwe cha mbuzi. Makoko ouma a thunthu la nthochi nawo amagwira ntchito: ukawawaza madzi amafewa, amang'ambika motalika, ndipo akapotedwa amatuluka ndi mtundu wa bulawuni wa mawangamawanga umene sufuna utoto. Luzi la mombo ndi lolimba kuposa zonsezi, koma kufundula khungwa kuzungulira thunthu ndi kupha mtengo, ndipo mtengo wa zaka 20 suyenera kufera phwando la tsiku limodzi.

Pa masamba onse, la mango ndiye mfumu. Ndi lolimba, lonyezimira, ndipo pamthunzi limatha masiku angapo lisanayambe kupindika. Wopanga amathyola timphukira tokhala ndi masamba anayi kapena asanu, amatsuka utomoni wake chifukwa umawotcha khungu, n'kumanga kamphukira kalikonse kuti masamba ake aphimbe mfundo ya kanzake. Akatero chingwe sichioneka, chimangooneka ngati nthambi imodzi yaitali. Kwawo kwa mango ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, ndipo kumeneko mabanja achihindu amakoleka pamwamba pa chitseko chingwe cha masamba a mango ndi maluwa a marigold, chotchedwa toran, pa chikondwerero cha Diwali ndi pa maukwati. Anthu a ku India ndi a ku Chintheche anapeza nzeru imodzi pa mtengo umodzi.

Tsamba la nthochi limakopa ndi kukula kwake, koma limang'ambika ndi kamphepo kalikonse ndipo pofika masana limakhala litalefuka. Limayenera kuyalidwa pathebulo kapena kuzikidwa ndi thunthu lomwe, monga amachitira pokonza njira yodzera mlendo wolemekezeka.

Maluwa ndiye amafuna kuwadziwa bwino, chifukwa lililonse lili ndi msinkhu wake. Duwa la hibiscus limamasula m'mawa, madzulo latha. Woliyika pa chingwe Loweruka adzapeza manyazi Lamulungu. La frangipani, loyera ndi pakati pachikasu, limanunkhira nyumba yonse ndipo limatungika mosavuta, singano kulowa pakati n'kutulukira kuphesi, mmene anthu a ku Hawaii amatungira mikanda ya maluwa yoveka alendo. Koma limada likagona tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mkaka wa mtengo wake ndi woopsa m'maso, choncho ana othyola ayenera kusamba m'manja. Mtengo wa flamboyant, umene kwawo ndi ku Madagascar, umayaka moto kumapeto kwa chaka ngati unapangana ndi kalendala ya mpingo, koma maluwa ake amayoyoka msanga akachotsedwa panthambi. Wopirira ndi bougainvillea. Zimene anthu amaziona ngati maluwa ake ofiira, apinki kapena aolenji ndi timasamba topyapyala ngati pepala tozungulira kaduwa koyera kakang'ono, ndipo n'chifukwa chake sizifota msanga. Zikaumitsidwa pamthunzi zimasunga mtundu wake kwa masabata. Minga zake zokha ndiye zimafuna mpeni ndi kuleza mtima.

Kanjedza amamera m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje monga Luweya. Kumunsi kwa khwawule lake kuli minga zazitali zimene zikabaya chala chimatupa, motero wodula wanzeru amayamba wasadza mingazo. Timasamba take timalukika ngati nkhata ya pamutu: kupinda, kupisa, kukoka, mpaka patuluke lamba wautali wa manomano amene angazungulire nsanamira kapena mphuthu za chitseko. Masamba anthete a pakati, otuwira chikasu, ndiwo okongola kwambiri, ndipo ndi pamene pamafunika kudziletsa. Mtengo wa mtundu umenewu umakulira kumutu kokha. Ukadula mtima wake, thunthu limenelo latha. Kutengako makwawule awiri kapena atatu a m'mbali sikuupweteka.

Chiwale chili ndi nkhani yakeyake. Masamba ake ali m'gulu la masamba atali kwambiri pa zomera zonse za padziko, ndipo mapesi ake ndi amene amisiri amapangira mipando, zitseko ndi makwerero. Ku timasamba take tanthete kumasendeka ulusi wofewa umene kunja amaugula m'mashopu a maluwa pomangira mphatso, pamene kuno umangomera m'dambo. Thunthu la chiwale limabereka kamodzi kokha pa moyo wake, litakula zaka zambiri, kenako n'kufa. Zipatso zake ndi zabulawuni, zamamba osanjikizana, zonyezimira ngati wina wazipaka vanishi. Zikaboolewa n'kutungidwa motalikirana pa chingwe cha khonje, zimapambana mipira yagalasi iliyonse ya m'shopu, ndipo sizisweka zikagwa.

Njere, mapepala ndi zotsala kwa telala

Woyenda pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, amadutsa m'nkhalango ya mitengo ya mphira ya ku Vizara, kumene anyamata amaima m'mbali mwa msewu akudunditsa mipira yopangidwa ndi utomoni wa mitengoyi. Zipatso za mphira zikauma zimaphulika n'kumwaza njere zazikulu, zosalala, za mawanga abulawuni ndi otuwa. Njere za msambamfumu ndi zakuda bii ndi kachipewa kofiira, ndipo amisiri a mikanda akhala akuzigwiritsa ntchito kuyambira kale. Pali zikhokhombe zazitali za flamboyant zimene zimachita phokoso zikagwedezeka, pali zibalobalo za paini zimene amabwera nazo ochokera ku Chikangawa, pali makoko a chimanga amene akanyikidwa m'madzi a chidede amafiira, akanyikidwa mu tiyi wowirira amada ngati khofi. Tiyi naye ndi wa konkuno, wa ku Kawalazi ndi ku Chombe.

Poboola njere ambiri amatenthetsa waya kapena sipoko ya njinga pamakala. Njere zisanatungidwe ziyenera kuuma gwa padzuwa, apo ayi anankafumbwe ndi nkhungu adzazimaliza zili m'thumba. Ndipo pali mitundu iwiri imene siyenera kuyandikira nyumba ya ana. Tinjere tating'ono tofiira ta diso lakuda, tomera pa chomera choyanga m'tchire, tili ndi poizoni wamphamvu wotchedwa abrin. Kamodzi kokha kotafunidwa kangathe kupha munthu, ndipo kuboola ndi kumene kumatsegula chikhokhombe chake. Nsatsi nazo n'zokongola mawanga koma n'zakupha. Kukongola kwa njere zimenezi n'kumene kumaitana dzanja la mwana, motero ndi bwino kungozisiya kutchire.

Unyolo wa mapepala ndi ntchito ya ana, ndipo guluu wake ali kale m'khitchini. Ufa wa kondowole ukaphikidwa kaphala kopyapyala umamata pepala mwamphamvu, chifukwa chinangwa n'chodzaza ndi sitalichi. Makalendala a chaka chatha, zikuto za makope, nyuzipepala zakale, zonse zimadulidwa timizere, kamzere kalikonse kukolowekedwa m'kanzake n'kumatidwa. M'sukulu za pulayimale aphunzitsi amaidziwa nzeru yotere ndi dzina loti TALULAR, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zopezeka pamalopo, ndipo phunziro la Expressive Arts limapereka mpata wake. Vuto la pepala ndi chinyezi. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo unyolo wopachikidwa pakhonde umalefuka usiku umodzi. Mphemvu nazo zimakonda phala la chinangwa. Unyolo wotere ndi wa m'nyumba, wopanga kutatsala masiku awiri kapena atatu. Mapepala a tishu amitundumitundu, amene amapotedwa n'kuyalidwa kudenga pa maukwati a m'midzi, ndi otsika mtengo koma akangonyowa amasuluka n'kudetsa chovala cha mkwatibwi.

Cholimba pa zonse ndi nsalu. Mwezi wa Disembala telala aliyense pa Chintheche amakhala ndi mulu wa zidutswa pansi pa makina: zotsala za madiresi a Khirisimasi, za yunifomu ya kwaya, za malaya a operekeza akwati. Zidutswazi zikadulidwa makona atatu, ziwiriziwiri n'kusokedwa mopinda m'mphepete kuti zisasosoke, kenako n'kulumikizidwa pa kansalu kakatali kopindidwa, patuluka timbendera timene tingathe zaka. Wopanda makina amangong'amba timizere n'kumamanga pa chingwe mothinana, mfundo pambali pa mfundo, mpaka chingwe chonse chichite manyenje. Diso la wopanga limaonekera pa kasanjidwe: nsalu ya maluwa akuluakulu imafuna kutsatana ndi ya mtundu umodzi kuti maso apume. Ndipo pamalo osonkhana anthu onse, monga m'tchalitchi, nsalu ya chipani imasiyidwa kunyumba, pakuti kankhope kamodzi pa kambendera kangagawe anthu amene anabwera kudzapemphera pamodzi.

Amayi a mpingo ndi Lamulungu la Kanjedza

Sukulu yeniyeni ya luso limeneli ndi tchalitchi. Mu Sinodi ya Livingstonia ya CCAP amayi a Umanyano, ovala zoyera ndi zakuda, pamodzi ndi achinyamata ndi makwaya, ndiwo amasesa, kukolopa ndi kukonza kuguwa. Mtsikana amaphunzira pamenepo poona: wamkulu akuluka, iye akupatsira masamba, mawa lake nayenso wayamba. Kwa Akatolika Khirisimasi imabwera ndi kakhola ka udzu ndi nsungwi koyikamo mwana Yesu, ndipo palibe dera limene lingamange khola loona kuposa kumene anthu amamangabe makola a mbuzi ndi manja.

Tsiku limene zomera za kuno zimalamulira kotheratu ndi Lamulungu la Kanjedza, sabata imodzi Pasaka isanafike. Ku maiko ozizira mipingo imachita kuitanitsa masamba amenewa kuchokera kutali; kuno mnyamata amangotsikira kudambo ndi chikwanje. Akhristu amayenda mumsewu atanyamula makwawule, ena atawaluka mwaluso, ena atapinda timitanda ting'onoting'ono tokapachika kunyumba. Kwa Akatolika ndi Aangilikani masamba odalitsidwawo satayidwa wamba. Amasungidwa mpaka chaka chotsatira, n'kuwotchedwa, ndipo phulusa lake ndi limene wansembe amalemba nalo mtanda pamphumi pa Lachitatu la Phulusa.

Si khomo lililonse limakoleka zinthu mu Disembala. A Mboni za Yehova sakondwerera Khirisimasi, ndipo Asilamu ali ndi masiku awo a Idi. Dera lino ndi lozolowera kusiyana kwa zikhulupiriro kuyambira 1908 ndi 1909, pamene Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi m'dzina la Watch Tower mpaka atsamunda anamuchotsa m'dziko. Koma ukwati, chinkhoswe ndi kulandira mlendo n'za aliyense, ndipo kanjedza amafika ponseponse.

Nkhata za pa 3 Malichi

Manja omwewo amene amakonza zachisangalalo amalukanso zachisoni. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko la Nyasaland lili pa chiopsezo, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress anagwidwa m'bandakucha. Ku Nkhata Bay omangidwa anakwezedwa m'sitima ya Mpasa, khamu la anthu linasonkhana padoko kufuna kuti abale awo amasulidwe, ndipo asilikali anawombera. Komiti ya Devlin imene inafufuza nkhaniyi inawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo. Eni dera amawerenga oposa pamenepo. Chaka chilichonse pa tsikuli atsogoleri a boma, mafumu ndi mabanja a ophedwawo amasonkhana ku Nkhata Bay n'kuyala nkhata za maluwa.

Kumudzi nkhata ya pamaliro imapangidwa m'mawa wa tsiku loyika. Amayi amapinda kanthambi kofewa, nsungwi yong'alula kapena waya kukhala mkombero, amakulunga masamba obiriwira, n'kutsomeka bougainvillea ndi maluwa ena amene anansi abwera nawo kuchokera m'makomo mwawo. Pamanda woyendetsa mwambo amaitana oyala nkhata mwa dongosolo, kuyambira wamasiye, ana, achibale, mpingo, mpaka amfumu. Masiku ano nkhata zogula, za maliboni ndi maluwa a pulasitiki okutidwa ndi pepala lonyezimira, zikuchuluka, ndipo palibe angadzudzule wolira amene wabwera nayo kuchokera kutauni. Chimene chimaoneka patapita miyezi n'chakuti ya masamba ija yabwerera kudothi, pamene ya pulasitiki yasuluka, yang'ambika, ndipo zidutswa zake zamwazikira m'manda monse.

Za m'makatoni zimathera kuti

Zambiri mwa zonyezimira za Khirisimasi zogulitsidwa padziko lapansi zimapangidwa mumzinda umodzi wa ku China, Yiwu. Kuti zifike pa Chintheche zimayenda panyanja yamchere mpaka ku madoko monga Dar es Salaam, n'kukwera malole, n'kudutsa m'manja mwa amalonda angapo, aliyense akuikapo yake. Zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino likuzisowa. Mu Novembala 2023, kutangotsala milungu yochepa kuti Khirisimasi ifike, mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Banja limene likuwerengera ndalama ya mpunga, nkhuku ndi zovala za ana lili ndi chifukwa chomveka choyang'anira kumtengo wa mango.

Chifukwa chachiwiri ndi nyanja. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti makampani anapitiriza kulimbana nacho m'makhoti. Nkhondo imeneyi inali ya majumbo, koma chingwe chonyezimira chothothoka ndi baluni yophulika zimayenda njira yomweyo: kudzala, mumtsinje ndi madzi a mvula ya Januwale, kenako m'nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko. Mmenemo ndi mmene mumachokera usipa ndi batala wodyera kondowole.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chachilengedwe n'chongotola. Zigoba za nkhono zimakongola pa chingwe, koma m'nyanjayi muli tinsomba timene timabisala m'zigoba zopanda eni, motero kuzikokolola ndi matumba kuti zikagulitsidwe ndi kulanda nyumba za tinsombato. Zochepa zotoledwa pamchenga wouma zilibe vuto. Kutumiza ana kukazifuna m'mabango ndi m'madzi odikha ndiye kuwapereka ku likodzo. Chimodzimodzi mitengo: bungwe la Ripple Africa, limene lakhala likugwira ntchito kuchokera ku Mwaya kuyambira 2003, lathandiza midzi ya m'boma lino kubzala mitengo yochuluka ndi kumanga mbaula za Changu Changu Moto zosatha nkhuni. Kudula kamtengo kathunthu kuti kaime pabalaza masiku 10 n'kubweza ntchito yotere m'mbuyo, pamene nthambi youma yozikidwa m'chitini cha mchenga n'kukolekedwa zipatso za chiwale ndi timaliboni ta chitenje imagwira ntchito yomweyo. Ndipo masamba ouma ndi mapepala zisayandikire kandulo kapena koloboyi, makamaka m'nyumba ya udzu. Timagetsi ta sola tafika pafupifupi m'mudzi uliwonse ndipo sitiyatsa denga.

Msika ulipo

Gombe la Chintheche, ndi mchenga wake woyera, limakoka alendo. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinabadwira pa Chintheche Inn mu 2004 ndipo chinabwereranso pamalopo mu 2016. Ku Kande ndi ku Makuzi kumafika alendo a maiko osiyanasiyana, ndipo malo ogona oterewa amachititsa maukwati ndi maphwando a kumapeto kwa chaka amene amafuna zokongoletsa. Anyamata osema ziboliboli anauona kale msika umenewu. Magulu a amayi a banki m'khonde, amene nthawi zambiri amathera pa mandasi ndi usipa wouma, angathe kuuonanso. Timbendera ta chitenje n'topepuka, timapindika n'kulowa m'chikwama, ndipo sitivuta pachipata cha dziko, pamene njere ndi masamba maiko ambiri amazilanda pabwalo la ndege poopa tizirombo. Za njere ndi za maluwa msika wake ndi wa konkuno: mahotela, maholo, matchalitchi, masukulu pa tsiku lotsanzikana ndi omaliza maphunziro.

Wofuna kuchita zimenezi ngati bizinesi ayenera kuyenda ndi nyengo. Makoko a chimanga amasungidwa pa masika, njere zimatoledwa m'chilimwe zitauma, ndipo kwa telala amapanganiratu Novembala asanathe, zidutswa zisanatayidwe kapena kutengedwa ndi osoka zopondera pakhomo.

Mayeso aakulu a zokongoletsa amabwera m'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mphepo ya kummwera imautsa mafunde n'kukhazika asodzi kumtunda. Iyi ndi nyengo ya 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, pamene mitundu ya mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira imafunika pabwalo lililonse. Ndi nyengo ya maukwati. Ndiponso ya malipenga, gule amene anatengera perete wa asilikali nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, wa amuna ovala zoyera zositidwa, masokosi ofika m'maondo, nthenga pachipewa, akuliza zikho zawo. Gulu lina la malipenga likamabwera kudzapikisana ndi linzake, bwalo limadulidwa malire ndi chingwe kuti oonerera asalowerere ovina, ndipo chingwe chimenecho chimafuna kuvekedwa. Pepala silingathe ola limodzi pa mwera. Kanjedza wolukidwa amapirira ngati wamangidwa kumutu ndi kumunsi komwe, ndipo timbendera ta nsalu timafuna chingwe chokhuthala, nsanamira zozikidwa mozama, ndi kulekerera pang'ono pakati kuti mphepo ikakoka chisaduke. Gule akatha amatimasula, amatichapa, amatisita, n'kutisunga m'ndowa yotseka kuopa mbewa ndi chiswe, ndipo a komiti ya ukwati wotsatira amadziwa khomo lokabwereka.